Akuchotsa anthu koma inu akukuitanani, mupite?

Ndalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa ku Chibavi, dzina sinditchula monga mwa nthawi zonse. Akuti agwira ntchito ya akawunti pa kampani ina yaing'ono ku Luwinga kwa zaka 6, salale ndi yochepa koma imabwera pa tsiku lake. Pano kampani ina yaikulu mtauni muno mu Mzuzu yawapatsa offer letter ndipo ndalama zake ndi zokwera ndithu, koma vuto ndi loti mwezi wathawu kampani yomweyo yachotsa anthu ambiri ndipo mphekesera zikuti ena atsatira. Akufunsa kuti apite kapena akhale pomwe alipo.

Achemwali, zoti kampani ikuchotsa anthu uku ikulemba ena si zodabwitsa masiku ano. Chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023, ndi vuto la forex lomwe likutisautsali, makampani ambiri odalira katundu wakunja akutseka nthambi zosapindula koma munthu wowerengera ndalama amamufunabe, mwinanso kuposa kale. Ku mabungwe nako munaona zomwe zinachitika America itaimitsa thandizo mu January 2025, pulojekiti ina kutha anthu kubwerera kunyumba pomwe khomo loyandikana nalo akuchititsa ma intavyu chifukwa donor wake ndi wina. Ndiye musangomva mawu oti retrenchment, kuchepetsa anthu pantchito, n'kuthawa. Funso lenileni ndi loti ndalama yolipirira mpando akukupatsaniwo ikuchokera kuti, ndipo anakhalapo ndani musanabwere inu. Ngati anachotsa anthu atatu mu ofesi ya akawuntiyo n'kufuna mmodzi, salale yokwerayo mudzaigwirira ntchito ya anthu atatu, kuweruka 8 koloko usiku ndi kuzizira kwa Mzuzu kuno mu June.

Tsono pomwe ndikufuna mumvetsetse ndi pa malamulo, chifukwa anthu ambiri amangoyerekeza salale ndi salale basi. Employment Act, lomwe ndi lamulo la za ntchito, imati munthu akachotsedwa ntchito chifukwa kampani ikuchepetsa anthu ayenera kulandira severance, ndalama yomulipira malinga ndi zaka zomwe wagwira. Pa zaka 5 zoyamba ndi malipiro a masabata awiri pa chaka chilichonse chomwe wamaliza, kuyambira chaka cha 6 mpaka cha 10 ndi masabata atatu pa chaka, kupitirira apo ndi masabata anayi. Inu ndi zaka zanu 6, atakuchotsani lero ku Luwingako mungatuluke ndi malipiro a masabata 13, pafupifupi salale ya miyezi itatu, osawerengera notisi ndi masiku a tchuthi omwe simunatenge. Mukalemba nokha kalata yosiya ntchito zonsezo zapita, severance sapatsa munthu wochoka mwa kufuna kwake. Kumene mukupitako mukayambira pa ziro, ndipo amene sanakwanitse chaka alibe severance. Choopsa china ndi probation, nthawi yokuyesani kaye pa ntchito yatsopano. Lamulo limalola kuti ifike mpaka miyezi 12, ndipo m'nthawi imeneyo akhoza kukuuzani kuti mawa musabwere popanda notisi. Ndiye taganizani bwana wa HR atapatsidwa list yoti achepetsenso anthu mu ofesi yanu, wotchipa kumuchotsa ndi ndani pakati pa inu ndi munthu amene wakhalapo zaka 12? Ndi inuyo, ngakhale mutamagwira bwino ntchito chotani.

Sindikuti musapite ayi. Ndikuti ndalama yowonjezerayo muiyeze ndi zomwe mukusiya. Tengani kusiyana kwa ma salale awiriwa, osati gross yolembedwa pa kalatayo koma yomwe idzalowe mu akaunti MRA ikadula msonkho wake wa PAYE, muone kuti ikutengerani miyezi ingati kuti ibweze masabata 13 aja. Ngati ndi miyezi itatu kapena inayi nkhani yake ndi ina, koma ngati ikufunika chaka chathunthu pa kampani yomwe simukudziwa ngati ifika December, ine sindingasainire.

Mwayi wanu ndi woti Mzuzu ndi yaing'ono. Anthu omwe achotsedwawo muwapeza kutchalitchi, kumsika waukulu, kumaliro, kapena mlamu wa neba wanu ndi mmodzi mwa iwo. Afunseni, koma osati zoti mabwana ndi oipa kapena abwino chifukwa munthu wochotsedwa kumene amakhala ndi mkwiyo, pamenepo mumva zambiri zosakuthandizani. Funsani ngati ndalama zawo anawapatsa zonse nthawi imodzi kapena akuwayendetsa, ngati salale inkachedwa miyezi isanafike retrenchment, komanso ngati penshoni yawo inkatumizidwa. Ya penshoniyi ndiye imaulula zambiri. Lamulo limati wolemba ntchito aziikapo 10 peresenti, wantchito 5 peresenti, ndipo kampani ikayamba kutsomphoka chimodzi mwa zinthu zomwe imatha kuchita mwakachetechete ndi kudula 5 peresentiyo pa payslip koma osaitumiza ku kampani ya penshoni. Inu ndinu a akawunti, mukudziwa bwino kuposa ine kuti amene wafika podya penshoni ya antchito ake ndiye kuti anasiya kale kulipira ma supplier, ndipo foni za ma supplier okwiyawo muzidzayankha ndinu.

Mukaona kuti mbali imeneyi kulibe fungo loipa, bwererani kwa a HR mukambirane, musachite manyazi, akukufunani ndi iwo. Pemphani kuti probation ikhale miyezi itatu, notisi ikhale yoposa mwezi umodzi womwe lamulo limapereka kwa olandira pa mwezi, ndipo zilembedwe mu kontirakiti osati zongolonjezana pakamwa. Muonenso ngati ndi ntchito yokhazikika kapena ya chaka chimodzi, chifukwa kontirakiti ya chaka ikatha amangosiya kuiwonjezera basi. Momwe angayankhire pempho lanulo mudziwirapo zambiri, kampani yomwe ikudziwa kuti mpandowo ndi wofunikadi sivutika kudula probation. Ena akuuzani kuti akakulakwirani mudzapita ku labour office kapena ku Industrial Relations Court, zoona khotilo lilipo konkuno ku Mzuzu, koma mlandu sutha sabata imodzi ndipo landilodi sadikira chigamulo.

Maganizo anga ndi awa achemwali. Ngati fizi ya ana ndi lendi zonse zili pamutu panu nokha ndipo mulibe ndalama yosunga yokwana miyezi itatu, khalani kaye ku Luwingako, koma offer letter imeneyo mukaionetse kwa abwana anu mwaulemu, nthawi zina salale imakwera ikaona kalata ya ena. Ngati kunyumba kuli wina amene akulowetsanso ndalama, ochotsedwa aja analipidwa bwinobwino ndipo probation avomera kuidula, pitani, mwayi wotere sumabwera kawirikawiri kumpoto kuno poti ma head office ambiri ali ku Lilongwe ndi ku Blantyre. Koma kalata yosiya ntchito musapereke musanasainire kontirakiti yatsopanoyo, ndipo chaka choyambacho musasamuke ku Chibavi kukafuna nyumba yodula ku Katoto kapena kutenga loni ya galimoto, ndalama yowonjezerayo muziika pambali mwezi ndi mwezi mpaka mutakwanitsa miyezi 12.