Liwu la zilembo 29 limene anabwera nalo mwana kusukulu

Mayi wina wanditumizira imelo. Akuti mwana wawo wabwera kusukulu ndi liwu lakuti floccinaucinihilipilification, n'kumati limatanthauza kupanda ntchito. Akufunsa ngati ndi Chingerezi chenicheni kapena mwanayo akungowapusitsa.

Mayi, mwanayo sakunama, kungoti tanthauzo waliphonya pang'ono. Liwuli silinena za chinthu chopanda ntchito, koma za khalidwe loyesa chinthu chachabechabe. Chinthucho chikhoza kukhala chamtengo wapatali, vuto n'kukhala la wochinyozayo.

Gwero lake ndi Chilatini cha m'kalasi. Buku la galamala limene anyamata a pasukulu ya Eton ku England ankaloweza linali ndi lamulo londandalika mawu ochepsera mtengo wa chinthu: flocci, nauci, nihili, pili. Floccus ndi kachidutswa ka ubweya wa nkhosa, kaja kamakanirira pajuzi. Pilus ndi tsitsi limodzi lokha. Nihilum ndiye kuti palibe chilichonse, pomwe naucum ndi kanthu kosanunkha kanthu. Mroma akafuna kunyoza ankati non flocci facio, kutanthauza kuti kwa iye chinthucho sichikufika ngakhale pa kaubweya. Mawu anayiwo anangowalumikiza monga momwe anandandalikidwira, n'kuphatikapo -fication kumapeto. Ndi nthabwala ya anthu amene Chilatini chinawakwana. Amene anadutsa pa Kamuzu Academy ku Kasungu angaimve msanga kuposa enafe.

M'zolembedwa likupezeka koyamba mu 1741, m'kalata ya mlakatuli William Shenstone. Iye ankayamikira munthu wina chifukwa chosawerengera ndalama, ndipo analilemba moduladula ndi timizere, magawo ake n'kumaonekera bwinobwino. Mwaona, apa ndalamazo sizinali zopanda ntchito, mwiniwakeyo ndiye ankaziyesa zachabe.

Kuyambira pamenepo limatuluka pokhapokha munthu akafuna kudzionetsera. Mu February 2012, phungu Jacob Rees-Mogg, amenenso anaphunzira ku Eton komweko, analitchula m'nyumba ya malamulo ya Britain podzudzula oweruza a khoti la European Union, ndipo nyuzi zinalemba zambiri za liwulo kuposa za mfundo yake.

Mwanayo aloweze kalembedwe kake ngati akufuna: muli i asanu ndi anayi, e mulibe ndi mmodzi yemwe. Koma pamayeso a MSCE asaliyerekeze. Akafuna kunena za kupanda ntchito alembe uselessness kapena futility, wochonga sadzataya nthawi kuwerenga zilembo.