Ndaika khadi latsopano, seva yangoti zii: kodi andithyolera?

Kalata ya lero yachokera kwa bambo wina amene amasamalira seva ya pa ofesi yaing'ono. Ndaifupikitsa pang'ono:

"Tili ndi seva ya Ubuntu 22.04 yosungira mafayilo. Malo atachepa ndinagula khadi la PCIe loonjezera madisiki a SATA, n'kuikapo madisiki awiri atsopano. Nditayatsa, SSH inakana. Nditalumikiza sikirini ndinapeza yaima pa mawu oti You are in emergency mode. Mnzanga anaika chizindikiro cha # kutsogolo kwa mzere wina mu /etc/fstab, inadzuka, koma yopanda netiweki. Anaipatsa adiresi pamanja, ping ikuyankha, koma SSH ikungoti Connection timed out ngakhale ndili mu ofesi momwemo. Chomwe chandisowetsa tulo n'chakuti mu auth.log muli mizere yosawerengeka ya Failed password for root. Port 22 tinaitsegula pa rauta kuti ndizilowa ndili kunyumba. Kodi andithyolera? Ndifufute zonse ndiyambirenso?"

Bambo, musafufute kanthu. Komanso chonde, madisiki atsopanowo musawafomate kaye, makamaka ngati mukuwazindikira ndi mayina a /dev/sdb kapena /dev/sdc. Mumva chifukwa chake posachedwapa. Mwatchula mavuto anayi, koma atatu oyambawo gwero lake ndi limodzi, khadi lija. Lachinayi linalipo kalekale, kungoti simunali kuyang'anako. Mantha ndiwo awamanga mtolo umodzi.

Seva ikamadzuka imayenda mwandondomeko. UEFI kapena BIOS imaitana GRUB, GRUB imakweza kernel (mtima wa Ubuntu) ndi initramfs, kenako systemd, yomwe imadzutsa mapulogalamu ena onse, imatenga ulamuliro n'kuyamba kulumikiza madisiki olembedwa mu /etc/fstab. Netiweki ndi SSH, njira yolowera mu seva muli pa kompyuta ina, zimabwera pambuyo pake. Pofufuza vuto tsatirani njira yomweyo, kuyambira pansi. Munthu amene akulimbana ndi SSH pamene madisiki sanakhazikike akungotaya nthawi.

Ndiye tiyambe ndi madisiki. Mayina a sda, sdb, sdc si a disiki yeniyeniyo ayi. Kernel imawagawa potengera yomwe yayamba kuonekera pa kudzuka kumeneko. Mutaonjezera khadi, n'kutheka kuti madisiki ake ndiwo anayamba kuonekera, ndiye dzina la sdb linagwera disiki yatsopano yopanda partition (chigawo cha disiki) iliyonse. Mu fstab munali /dev/sdb1, systemd inaidikira masekondi 90 monga imachitira nthawi zonse, itaisowa inagonja n'kukuponyerani mu emergency mode. Mukanalemba journalctl -xb pamenepo mukanaona mzere wonena kuti Timed out waiting for device, wotsatidwa ndi Dependency failed. Mawu a pa sikirini paja amakuuzani ndithu kuti mulembe lamulo limeneli, koma anthu ambiri amangowalumpha.

Mwaona tsopano chifukwa chomwe ndakuletserani kufomata. Disiki yomwe mukuiyesa yatsopano chifukwa ikutchedwa sdd ikhoza kukhala yakale ija, yokhala ndi mafayilo a ofesi yonse. Lembani lsblk -o NAME,SIZE,FSTYPE,MODEL,SERIAL ndipo mufananize nambala za SERIAL ndi zomwe zamatidwa pa madisikiwo. Maso anu atsimikize, osati kungoganizira.

Zomwe anachita mnzanu zinathandiza kuti makina adzuke, koma zasiya msampha. Mzere uja atautseka ndi #, foda yomwe disiki yakale imalumikizidwapo yasanduka foda wamba yopanda kanthu, yokhala pa disiki ya Ubuntu yeniyeniyo. Pulogalamu iliyonse yomwe imalemba mmenemo, kaya ndi Samba yogawira mafayilo mu ofesi kaya ya backup ya usiku, ipitiriza kulemba osadandaula, mpaka disiki yaikuluyo idzadze. Tsiku lomwe mudzalumikizenso disiki yakale pamwamba pake, mafayilo olembedwa panthawiyi adzabisika pansi, ndipo lamulo la df lizidzanena kuti malo atha pamene la du, lowerengera kukula kwa mafayilo, silikuona chomwe chawadya. Choncho musanakonze, yang'anani mu fodamo, ndipo chomwe mupezemo muchisamutsire kwina.

Kukonza kwake n'kosavuta. Lamulo la blkid likupatsani UUID ya partition yakaleyo, nambala yomwe siisintha ngakhale disiki mutaisamutsira pa waya wina. Mzerewo ukhale chonchi:

UUID=nambala-yanuyo  /srv/mafayilo  ext4  defaults,nofail  0  2

Pa ext4 pamenepo ikani chomwe blkid yanena, ndipo pa /srv/mafayilo ikani foda yanu yeniyeniyo. Mukasunga, lembani systemctl daemon-reload, kenako findmnt --verify, kenako mount -a. Zikadutsa popanda cholakwika ndipo mafayilo akale akuoneka mu fodamo, ndiye mwakonza. Chizolowezi ichi chigwireni: musamazimitse seva mutasintha fstab musanayese mount -a.

Mawu oti nofail ndimawakonda koma mosamala. Ubwino wake ndi wakuti disikiyo ikadzafa, seva idzadzukabe ndipo mudzatha kulowa kuchokera kutali n'kuona chavuta. Kuipa kwake ndi msampha uja wa foda yopanda kanthu. Mankhwala ake ndi kuuza Samba kuti isadzuke popanda disiki yake: systemctl edit smbd, ndipo pansi pa gawo la Unit muikepo RequiresMountsFor=/srv/mafayilo. Seva idzuke, koma yolemba mafayilo idikire.

Tsopano netiweki. Kale makhadi a netiweki ankatchedwa eth0, eth1, ndipo ankasinthanasinthana monga madisiki aja. Kuyambira pa systemd 197 mayina anayamba kutengedwa ku malo omwe khadi lili pa makina. Dzina ngati enp2s0 limatanthauza Ethernet, pa PCI bus 2, slot 0. Nzeruyo ndi yabwino, ndipo dzina silisintha bola makinawo musawagwire mkati. Koma mukalowetsa khadi lina la PCIe, pa makina ambiri nambala za bus zimasuntha, ndipo enp2s0 imadzuka ili enp3s0. Fayilo yanu yokonzera netiweki ya mu /etc/netplan ikufunabe enp2s0, yomwe kulibenso. Palibe chomwe chaonongeka, dzina lokha ndilo lasintha.

Lembani ip -br link ndi kufananiza dzina lomwe muone ndi lomwe lili mu fayilo ya netplan. Mukhoza kungosintha dzinalo, koma mawa mukadzachotsa kapena kuonjezera khadi lina mudzabwereranso pomwepa. Ine ndikanamanga dzinalo ku adiresi ya MAC, nambala yakeyake ya khadi la netiweki: mu netplan, pansi pa match muike macaddress ya khadi limenelo, ndipo pa set-name mulipatse dzina lanulanu, mwachitsanzo lan0. YAML, kalembedwe ka fayilo ya netplan, ndi yokhwima pa nkhani ya mipata, ndipo tab siimufuna n'komwe. Pa zosintha za tsiku ndi tsiku zolowerani netplan try m'malo mwa netplan apply, chifukwa imabweza zonse mmene zinalili mukapanda kuvomereza pasanathe masekondi 120. Pa kusintha dzinaku, popeza muli pa kiyibodi ya seva yomweyo, ingoyatsaninso makinawo muone ngati dzinalo lagwira. Adiresi yomwe mnzanu anaika ndi ip addr add imatha makina akangozima, ndiye musaidalire. Onetsetsaninso kuti adiresi yomwe mulembe ndi yakale ija, poti rauta yanu imatumiza port 22, khomo la SSH, ku adiresi imeneyo.

Kwa ena amene mukuwerenga muli pa Debian, fayilo yake ndi /etc/network/interfaces. Pa Rocky Linux, AlmaLinux ndi Fedora muyang'ane ndi nmcli connection show. Matenda ndi omwewo.

Pa SSH pali phunziro lomwe ndikufuna mulisunge, chifukwa mawu a kulephera amasiyana ndipo aliwonse akuloza kwake. Connection refused ndiye kuti uthenga wanu wafika ndipo wakanidwa poyera, kawirikawiri chifukwa palibe pulogalamu yomwe ikumvetsera pa port imeneyo. No route to host ndiye kuti njira yofikira makinawo siikupezeka. Connection timed out ndiye kuti uthenga wapita koma palibe yankho lililonse, wina waumeza mwakachetechete. Inu ping ikuyankha, muli mu netiweki imodzi ndi seva, koma port 22 ili duu. Chala changa chikuloza firewall ya pa seva pomwepo, mlonda wosefa zolowa pa netiweki. Ufw, firewall ya Ubuntu, mwachibadwa imalola ping kudutsa, koma china chilichonse chobwera chomwe simunachilole imachitaya osayankha, ndendende zomwe mukuonazi.

Pa seva lembani ss -tlnp kuti mutsimikize kuti sshd, pulogalamu yolandira SSH, ikumvetsera pa 22, kenako ufw status verbose. Mukaona mzere wonga 22/tcp on enp2s0 ALLOW IN, mwamugwira. Chilolezocho chinamangidwa ku dzina lakale, ndipo khadi la dzina latsopano silinapatsidwe chilolezo chilichonse. Onjezani chatsopano ndi ufw allow in on lan0 to any port 22 proto tcp, ndipo chakalecho muchichotse pogwiritsa ntchito ufw status numbered ndi ufw delete. Chitaninso chimodzimodzi pa port 445 ya Samba, apo ayi anzanu mu ofesi adzakupezani m'mawa. Ngati malamulo analembedwa mwachindunji osadzera mu ufw, nft list ruleset ikuonetsani, ndipo musake dzina lakale lomwelo.

Pali uphungu womwe umafala kwambiri pa intaneti: ufw disable, kapena kwa a Red Hat setenforce 0 yofooketsa chitetezo cha SELinux, basi zatheka. Kuzimitsa kwa mphindi imodzi kuti mutsimikize kuti vuto lilidi pamenepo, palibe cholakwika. Koma ma seva ambiri amene anazimitsidwa "kwa mphindi imodzi" amakhala choncho mpaka kalekale, chifukwa zinthu zikangoyamba kuyenda palibe amakumbukira kubwerera. Kuona maso a nkhono n'kudekha: werengani lamulo lomwe likutsekalo, mukonze lomwelo.

Tafika pa chomwe chakusowetsani tulo. Makina aliwonse amene port 22 yake ikuoneka pa intaneti amagogodedwa usana ndi usiku ndi mapulogalamu oyenda okha, oyesa mayina ngati root, admin, test, oracle ndi mapasiwedi odziwika. Ali ngati wakuba woyenda mumsewu usiku akugwedeza chitseko chilichonse kuona chomwe sichinakhomedwe. Sakukudziwani, ndipo sakusaka inuyo. Yang'anani masiku a mizereyo. Mupeza kuti inayamba kale khadi lisanabwere, ndipo inadukiza nthawi yomwe netiweki inafa. Mzere wa Failed ndi umboni wakuti chitseko chinakana.

Mawu oyenera kuwasaka ndi Accepted. Lembani zgrep Accepted /var/log/auth.log* kuti muphatikize ndi mafayilo akale opanikizidwa aja. Mzere uliwonse ukuuzani dzina lomwe linalowa, adiresi yomwe linachokera, nthawi, ndiponso ngati linalowa ndi pasiwedi kapena ndi kiyi. Uliwonse muzitha kunena kuti uyu ndine, uyu ndi mnzanga. Onaninso lamulo la last loonetsa amene analowa, mafayilo a authorized_keys a munthu aliyense kuphatikizapo root, ma crontab osunga ntchito zoyenda zokha pa nthawi yake, maakaunti a mu /etc/passwd makamaka ena okhala ndi UID 0 (mphamvu zonse pa makina) kupatula root, ndi mapulogalamu achilendo odya CPU mu top. Kunena zoona, wakuba wochenjera amene wafika pa root amatha kufufuta mapazi ake mu log. Koma mukaphatikiza log yoyera ndi mfundo yakuti vuto lililonse mwa atatu aja lili ndi chifukwa chake chooneka ndi maso, palibe chokukakamizani kufufuta seva.

Mukapeza Accepted imodzi yokha yomwe simukuidziwa, nkhani yasintha. Pamenepo zulani waya wa netiweki, sungani disikiyo mmene ilili kuti ifufuzidwe, ikani Ubuntu yatsopano, bwezeretsani mafayilo a ntchito okhaokha, ndipo sinthani pasiwedi ndi kiyi aliyense amene anadutsapo pa makinawo. Seva yomwe mlendo wakhalamo ngati root siitsukika, ngakhale mutaichapa bwanji.

Kaya mwapeza kanthu kaya ayi, pasiwedi pa SSH ithe. Pa kompyuta yanu pangani kiyi ndi ssh-keygen -t ed25519, mutumizeni ndi ssh-copy-id, yesani kuti akulowadi, kenako muike PasswordAuthentication no ndi PermitRootLogin no. Apa pali kamsampha komwe kamagwira ngakhale akatswiri. Pa Ubuntu, fayilo ya sshd_config imayamba ndi mzere wa Include woitana mafayilo a mu /etc/ssh/sshd_config.d, ndipo sshd imatsatira mzere woyamba kuupeza, osati womaliza. Pa ma seva ambiri mumakhala kafayilo kotchedwa 50-cloud-init.conf konena kuti PasswordAuthentication yes. Inu mulemba no m'munsi mwa fayilo yaikulu, mumtima muli mbee, pamene chitseko chili chotsegula. Musakhulupirire zomwe mwalemba, funsani sshd yeniyeniyo: sshd -T | grep -i passwordauth. Musanayatsenso SSH yesani sshd -t kuti igwire zolakwika, ndipo zenera lomwe mwalowera kale musalitseke mpaka mutalowa bwino ndi lachiwiri.

Kusamutsa port kuchoka pa 22 kumachepetsa phokoso mu log, koma si loko. Fail2ban nayo imathandiza kuthamangitsa ogogoda mobwerezabwereza. Chofunika kuposa zonsezi ndi kulandira zigamba za chitetezo msanga. Mu Julayi 2024 kampani ya Qualys inaulula chibowo chotchedwa regreSSHion, CVE-2024-6387, chokhudza OpenSSH kuyambira 8.5p1 mpaka 9.7p1, chomwe chinkatha kulowetsa munthu wopanda pasiwedi kapena kiyi. Ubuntu 22.04 imabwera ndi 8.9p1, ndiye inali m'gulumo mpaka chigamba chitatuluka. Onetsetsani kuti unattended-upgrades, yomwe imaika zigambazo yokha, ikugwira ntchito. Ndipo popeza wolowa kuchokera panja ndinu nokha, ndikanakhala ine ndikanatseka port 22 pa rauta n'kuika WireGuard, njira yotetezeka yolowera mu netiweki ya ofesi muli kutali, yomwe ili kale mu kernel ya Ubuntu yanu ndipo siiyankha aliyense amene alibe kiyi wolondola.

Madisiki atsopano aja muwafomate pomalizira penipeni, zina zonse zitakhazikika ndipo seva itadzuka bwino payokha. Powatchula gwiritsani ntchito mayina a mu /dev/disk/by-id, omwe amakhala ndi nambala ya SERIAL mkati mwake, ndipo mu fstab alowe ndi UUID kuyambira tsiku loyamba.