Musanagule mbewu ya fescue, funsani chimene chili m'kati mwake

Bambo wina wa kwathu ku Dedza, amene akuyang'anira ng'ombe pafamu ina ku KwaZulu-Natal m'dziko la South Africa, walemba kuti abwana ake akufuna kutsegula msipu watsopano wa fescue, mtundu wa udzu wodyetsa ziweto. Wogulitsa mbewu wawatchulira mayina ambirimbiri mpaka mutu kuima. Akufunsa kuti asankhe uti.

Bambo, dzina la pathumba lisakutengeni mtima. Choyamba mufunseni wogulitsayo kuti m'mbewumo muli endophyte yamtundu wanji. Endophyte ndi kabowa kosaoneka ndi maso kamene kamakhala m'kati mwa udzuwo. Sikalumpha kuchoka paphata lina kupita pa lina, kamayenda ndi mbewu basi. Ndiye chimene mwafesa lero ndi chomwe ng'ombe zanu zidzadye zaka zonse msipuwo uli pamenepo.

Alimi a ku America anaphunzira zimenezi movutikira. Mu 1931 katswiri wa pa yunivesite ya Kentucky, E. N. Fergus, anapeza udzu wa fescue wolimba kwambiri pafamu ina m'dera la Menifee, ndipo mu 1943 unatulutsidwa kwa alimi ndi dzina loti Kentucky 31. Unafala msanga chifukwa sufa wamba: chilala, dothi loguga, ng'ombe kuudya mpaka pansi, iwo umaphukabe. Koma ng'ombe sizinkanenepa, ndipo chifukwa chake chinadzadziwika m'zaka za m'ma 1970. Kabowa komwe kamaulimbitsa udzuwo ndi kamenenso kamatulutsa poizoni wotchedwa ergovaline, amene amafinya mitsempha ya magazi. Nthawi yotentha ng'ombe imalephera kutulutsa kutentha m'thupi. Muiona itaima m'madzi kapena pamthunzi masana onse, ikupuma mwawefuwefu, dovu lili chuchuchu, ubweya uli nyankhalala, anzake a msipu wina akudya. Mkaka umatsika, zazikazi zimavuta kutenga bere. Kukazizira kwambiri magazi safika bwino kumapazi, ng'ombe imayamba kutsimphina, ndipo zikafika poipa chiboda kapena nsonga ya mchira imauma n'kuthothoka. Ngati pafamupo pali mahatchi a bere, ndiye musayerekeze n'komwe kufesa mbewu ya kabowa kapoizonika.

Mbewu ina anaichotsa kabowako. Ng'ombe zimaukonda udzu wake ndipo zimanenepa bwino, koma msipuwo ndi wofewa mtima: chilala chikabwera, kapena mukadyetsa mopitirira, umayamba kuchita mipata. Pomwe pali mthirira wodalirika ndiponso ng'ombe mumazisuntha pa nthawi yake, mbewu imeneyi ndi yokwanira ndithu, ndipo mtengo wake ndi wabwinoko.

Palinso ina imene anaiika kabowa kena kolimbitsa udzu koma kosatulutsa poizoni uja. Kodziwika kwambiri ndi MaxQ, kamene akatswiri a bungwe la kafukufuku la AgResearch ku New Zealand anakapeza, ndipo ku Georgia m'dziko la America anakaika mu mtundu wa fescue wotchedwa Jesup. Mbewu yake ndi yodula, inde. Koma ngati madzi ali a apo ndi apo, ine ndingalimbikitse imeneyi, bola ikupezeka kumene muliko. Chenjezo lake ndi lakuti kabowako n'kamoyo, ndipo kamafa msanga kuposa mbewuyo. Thumba likagona chaka m'shedi yamalata yotentha, mbewu idzamera bwinobwino koma kabowa kabwino kaja katafa kale, inu mutalipira ndalama zambiri. Onani deti pachizindikiro, gulani nthawi yofesa itayandikira, sungani pozizira.

Funso lachiwiri kwa wogulitsa likhale la nyengo. Mitundu ina, monga Flecha, inachokera kumayiko ozungulira nyanja ya Mediterranean. Imakula nthawi yozizira n'kugona nthawi yotentha, choncho imayenera kumene mvula imagwa m'miyezi yozizira, ngati ku Western Cape. Ku KwaZulu-Natal mvula imagwa nthawi yotentha, ndiye sankhani mwa mitundu imene sigona nyengo imeneyo, makamaka ya masamba ofewa ngati ng'ombezo ndi zamkaka. Ndipo wina asakunyengeni ndi fescue wa kapinga wa pabwalo poti ndi wotchipa. Ambiri mwa amenewo amawasiyira dala kabowa kapoizoni kuti tizilombo tisamawadye.

Pofesa, kunja kukayamba kuzizira cha m'Malichi kapena Epulo, makilogalamu 20 mpaka 25 pa hekitala ndi okwanira. Musakwirire kupitirira sentimita imodzi, ndipo tsenderani dothi. Fescue amachedwa kudzuka, ndiye udzu wachabe muuthane nawo musanafese. Ng'ombe zilowe pokhapokha mukakoka phata ndi dzanja, masamba n'kuduka koma mizu osazuka. Zikadya mpaka kutsala masentimita 8 mpaka 10, zitulutseni.

Mayi wina wa m'gulu la alimi a mkaka ku Bvumbwe, amene ali ndi ng'ombe ziwiri za m'khola, anaona fescue pa Facebook ndipo akufunsa ngati angam'bzale.

Mayi, ndalamazo zisungeni. Udzu umenewu umafuna kuzizira ndi chinyezi pa nthawi imodzi, pomwe kwathu kuno ziwirizi sizikumana: Juni ndi Julaye kukuzizira koma dothi ndi louma, mvula ikamadza mu Novembala kunja kwatentha. Kumapiri ozizira, pamalo othirira, munthu akhoza kuyesa kachigawo kakang'ono. Koma kwa inu odula n'kupatsira m'khola, nsenjere ikupatsani chakudya chambiri pa malo ochepa, ndipo mapesi ake obzala mukhoza kupempha kwa mnzanu wa m'gulu. Iduleni ikafika m'chiuno, isanakhwime. Pambali pake fesani udzu wa Rhodes, mumudule akangoyamba kutulutsa ngala, muumitse pamthunzi kuti mudzadyetse mu Seputembala ndi Okutobala msipu ukatha. M'malire mwa munda ikanimo lukina, ndipo masangwi a mtedza mukakolola musawatenthe, muziwasakaniza ndi udzu woumawo.