Msongolo ukuwawa, marathon yatsala masabata atatu: ndithamange kapena ndisiye?

Kalata iyi yabwera pa imelo kuchokera kwa mbale wathu wina wa ku Blantyre, amene akukonzekera marathon, mpikisano wothamanga makilomita oposa 42. Ndaifupikitsa, ndipo dzina ndabisa.

"Ndakhala ndikukonzekera marathon yanga yoyamba kwa miyezi isanu. Kwatsala masabata atatu, koma msongolo wakumanzere wayamba kuwawa, malo amodzi, chakumunsi pafupi ndi kakolo. Poyamba ululu unkatha ndikathamanga pang'ono, pano ndikuumva ngakhale potsika masitepe kuntchito. Ndinalipira kale, akutchalitchi ndi akuntchito onse akudziwa, ana anga akuti adzandidikira pomalizira. Mnzanga wanditumizira kanema wa mkulu wa ku Tanzania uja anamaliza mpikisano ali ndi bandeji, akuti mwamuna salira. Ndikuganiza zodzangomwa bulufeni m'mawa wa tsikulo n'kupirira. Mukuti bwanji?"

Achimwene, pepani ndi mwendowo. Ndiyambe ndi yankho: musathamangenso pa mwendo umenewo mpaka dokotala atauona, ndipo za bulufeni muiwale. Ndikudziwa kuti si zomwe mumafuna kumva, choncho ndiloleni ndifotokoze.

Mkulu wa mu kanemayo ndi John Stephen Akhwari, ndipo nkhani yake ine ndimaikonda, sindikufuna kuichepetsa. Anali masewero a Olympics a 1968 ku Mexico City, mzinda womwe uli pamtunda kwambiri, mamita oposa 2,200 kuchokera pomwe pali nyanja yamchere, moti othamanga ambiri ankabanika. Cha pa makilomita 19, anthu akukanganirana malo, Akhwari anagwa, bondo n'kuguluka, phewa n'kumenyetsa pansi. Anamumanga bandeji, iye n'kudzuka. Ankalowa m'bwalo kunja kutada, patapita ola lathunthu ndi mphindi zingapo Mamo Wolde wa ku Ethiopia atapambana kale, anthu ambiri atapita kwawo. Mukaonetsetsa kanemayo, bandeji ija yayamba kumasuka, mwendo wovulalawo akuchita kuukoka, ayenda pang'ono, ayesa kuthamanga, otsala m'bwalomo akuimirira kuomba m'manja. Pa anthu 75 omwe ananyamuka, anamaliza ndi 57, iye wotsiriza. Atamufunsa chifukwa chake sanasiye, anati dziko lake silinamutume ulendo wautali chonchija kuti adzayambe mpikisano, linamutuma kuti adzaumalize.

Koma mnzanuyo sanakuuzeni za munthu wina amene anali mu mpikisano womwewo, tsiku lomwelo. Abebe Bikila wa ku Ethiopia, amene anapambana ku Rome mu 1960 wosavala nsapato, n'kupambananso ku Tokyo mu 1964, anafika ku Mexico akufuna golide wachitatu. Kutatsala masiku ochepa mwendo unayamba kumuwawa, ndipo madokotala anapeza kuti fupa laling'ono la m'mbali mwa msongolo lili ndi mng'alu. Ananyamukabe ndi anzake, koma asanafike ndi theka lomwe anatuluka mumsewu. Ameneyo anali katswiri woposa onse pa nthawiyo, msilikali, munthu woti palibe akanamunena kuti ndi wamantha. Fupa linakana basi.

Akhwari ananyamuka ali bwinobwino, ngozi inamupeza panjira. Bikila ananyamuka ndi fupa long'aluka kale. Zomwe mwalemba inu zikufanana ndi za Bikila, ndipo apa ndi pomwe pagona nkhani yonse.

Marathon imawawa ndithu, ndipo pali ululu woti munthu amaupirira. Ukadutsa makilomita 30, shuga amene thupi limasunga m'minofu ndi m'chiwindi amakhala atatsala pang'ono kutha. Miyendo imalemera, ntchafu zimauma gwa, matuza aphulika m'nsapato, zikhadabo zakumapazi zada, m'khwapa mwanyuka. Mukadzaima pa tebulo la madzi chakumapetoko mudzaona nokha: munthu wamkulu akutenga kapu ndi manja awiri, mchere utayera mbuu pankhope, madzi ena akutayikira pachifuwa, akufunsa ndi mawu otsika kuti kwatsala makilomita angati. Ululu umenewo umagwira miyendo yonse iwiri, sungauloze ndi chala chimodzi, ndipo ukachepetsa liwiro, kudya nthochi kapena kumwa chotsekemera, umalekerera pang'ono. Umenewo ndiye wofuna kulimba mtima. Amene sanakonzeke kukumana nawo asalembetse n'komwe.

Wanuwu ndi wina. Khalani pansi, muyendetse chala chachikulu pa fupa la msongolo kuyambira pabondo kutsika. Ngati pali kamalo kamodzi, kochepa koti chala n'kukaphimba, komwe mukadina mukudzidzimuka, chimenecho ndi chizindikiro choti fupalo mwina layamba kung'aluka. Ngati simungathe kudumpha ndi mwendo umodziwo osakwinya nkhope, kapena pamalopo patupa, kapena ukuwawa usiku muli gone, nkhawa yanga ikukula. Pali vuto lina la msongolo locheperapo, lomwe ululu wake umayala m'mbali mwa fupa kutalika ngati chikhatho ndipo umachepa thupi likatentha. Mwina ndi mmene zinayambira kwa inu. Koma mwanena nokha kuti pano sukuthanso, ndipo wafika mpaka pa masitepe. Fupa limang'aluka chonchi munthu akaonjezera makilomita mofulumira kuposa mmene fupalo lingadzikonzere, makamaka pa tala ndi pa zitunda ngati za ku Blantyre, pomwe kutsetsereka kumamenya mwendo kuposa kukwera. Zili ngati mtsuko wa mng'alu: umasunga madzi bwinobwino mpaka tsiku lomwe wausenza wodzaza. Marathon ndi makilomita 42.195, mapazi kuponda pansi maulendo oposa 30,000, ndipo kuponda kulikonse mwendo umalandira kulemera kwa thupi lanu kawiri kapena katatu. Mng'alu umene ukanapola m'masabata 6 mpaka 8 ukhoza kusanduka fupa lothyoka, pulasitala kapena opaleshoni, ndi miyezi yambiri ya ndodo.

Tsono za bulufeni. Mankhwalawa sapoletsa fupa, amangotseka pakamwa mlonda amene akukuchenjezani. Komanso bulufeni, indosidi, diclofenac ndi anzawo amachepetsa magazi opita ku impso. Munthu akamathamanga maola anayi kapena asanu padzuwa, akutuluka thukuta, impsozo zimakhala zikulandira kale magazi ochepa. Kuphatikiza ziwirizi ndi njira yodziwika yovulazira impso, ndipo mankhwala omwewo amatha kukanda m'mimba mpaka kutaya magazi. Zimandipweteka mtima ndikaona anthu akugawana mapilisi amenewa poyambira mpikisano ngati n'chinthu wamba. Panado savutitsa impso chotero, koma naye akabisa ululu wa fupa long'aluka wakupwetekani m'njira ina.

Mfundo ina ndiiike pano chifukwa ena owerenga adzathamanga miyendo ili bwino. Pali zizindikiro zomwe sizifuna kukambirana: kupweteka kapena kuthina pachifuwa, chizungulire, kusokonezeka mutu osadziwa komwe uli, kuyenda mopepesuka, kusanza kosalekeza, mkodzo wakuda bii pambuyo pake. Pamenepo ndi moyo umene uli pachiswe. Anthu amakonda kanema wa Gabriela Andersen-Schiess wa ku Switzerland, akudzandira m'bwalo ku Los Angeles mu 1984, pa marathon yoyamba ya amayi ku Olympics, kutentha kutamufooketsa. Anamaliza, inde, koma azachipatala ankayenda pambali pake akumuyang'anitsitsa, ndipo anamuwakha atangodutsa mzere. Ife ambiri tikagwa pa kilomita 34 thandizo lotere silikhala pafupi. Ndipo amene wangodwala malungo kapena thupi likutentha sabata ya mpikisano, akhale pansi, ngakhale atamva ngati wachira.

Ndikubwerera kwa inu, achimwene, chifukwa m'kalata yanu ndaona kuti chomwe chikukuwawani kwambiri si msongolo. Ndi maso a anthu. Ndalama munalipira, mpingo ukudziwa, ana akudikira. Zimenezo n'zolemera ndithu, ndipo miyezi isanu yodzuka m'bandakucha anzanu ali m'tulo si yoti munthu n'kuitaya osamva chisoni. Koma akulu anati mbewa yamanyazi inafera kuuna. Eliud Kipchoge, amene anatenga golide wa marathon ya Olympics ku Rio ndi ku Tokyo, anasiyira panjira ku Paris mu 2024 thupi litamukana, dziko lonse likuona. Paula Radcliffe wa ku Britain anakhala pansi m'mbali mwa msewu ku Athens mu 2004 akulira, kutatsala makilomita ochepa, ndipo chaka chomwecho mu November anapambana New York Marathon. Akuntchito anuwo adzalankhula tsiku limodzi kapena awiri. Amene adzatsimphine popita kuntchitoko, ndi kulipira chipatala, ndinu. Anawo auzeni zoona zake, kuti fupa la adadi likufuna kupuma ndipo mpikisano wina ukubwera. Amamva, kuposa mmene timaganizira.

Sabata ino pitani kuchipatala, makamaka komwe kuli dokotala wa mafupa kapena wa mafizo. Mukawauze kuti ndinu wothamanga, makilomita omwe mumathamanga pa sabata, tsiku lomwe ululu unayamba, ndipo muwalozere malowo ndi chala. Dziwani ichi musanapite: mng'alu wotere nthawi zambiri suoneka pa X-ray m'masabata awiri kapena atatu oyamba. Choncho chithunzi chikatuluka choyera koma kamalo kaja kakuwawabe mukadina, musatenge ngati chilolezo. MRI, njira ina yojambulira m'kati mwa thupi, ndiyo imaona msanga, koma ndi yodula ndipo sipezeka paliponse, motero madokotala ambiri amangouza munthu kuti apumitse mwendo ngati wang'aluka, n'kudzajambulanso pakapita masabata angapo. Malangizo amenewo ndi abwino, atsatireni.

Akakupezani ndi vuto locheperalo n'kukulolani kuthamanga, nyamukani osamwa mankhwala aliwonse opha ululu, ndipo mugwirizane ndi mtima wanu musananyamuke: mukangoyamba kutsimphina, kapena ululu ukamakulirakulira pamalo amodzi, mwatuluka mumsewu pomwepo. Chisankho chimenechi sichipangika bwino pa kilomita 25 anthu akukuchemererani.

Akapeza mng'alu, mphamvu zomwe mwasonkhanitsa sizithera pomwepo. Kupalasa njinga ndi kusambira zimasunga mtima ndi mapapo ngati sizikuwawitsa mwendo. Idyani mokwanira, usipa kapena matemba ndi minga yake yomwe, mkaka, masamba, chifukwa fupa silipola munthu akudzimana chakudya. Mudzayambirenso pokhapokha mukamayenda ndawala kwa theka la ola osamva kanthu, ndipo poyambirapo muzisinthanitsa kuyenda ndi kuthamanga, pa fumbi kapena pa kapinga, osati pa tala. Mukadzandilemberanso mundiuze zomwe dokotala wapeza, mmene munaonjezerera makilomita m'miyezi iwiri yapitayi, ndi nthawi yomwe mwakhala ndi nsapato zomwe mukuvala, kuti tione chinayambitsa vutoli musanalembetse mpikisano wina.