Kamera yojambula wolakwa ndi kamera yojambula aliyense

Mayi wina wanditumizira imelo atalandira kalata ya chindapusa yokhala ndi chithunzi cha galimoto yawo. Akuti: "Sindikukana kuti ndinathamanga. Koma kodi boma lili ndi ufulu wondijambula ine ndisakudziwa? Nanga zithunzizi zimathera kuti?"

Mayi, pa funso loyambalo ndikukhumudwitsani. Nambala ya galimoto anaiika poyera kuti izionedwa, ndipo kamera imene imathwanima pokhapokha wina akapitirira liwiro kapena akadutsa loboti itafiira sikuchita chachilendo chimene wapolisi woima pambali pa msewu sachita. Kusiyana kwake n'kwakuti siitopa, siidziwa bwana, ndiponso siipempha ya m'botolo. Chodabwitsa n'chakuti amene anayambitsa makinawa, Maurice Gatsonides wa ku Netherlands, anali katswiri wa mpikisano wa magalimoto yemwe anapambana Monte Carlo Rally mu 1953. Iye ankafuna chipangizo chomuthandiza kuthamanga kwambiri pamakona.

Funso lachiwirilo ndiye lili ndi nyama. Pali mtundu wina wa makamera umene suyembekeza kuti munthu alakwe. Umawerenga nambala ya galimoto iliyonse yodutsa, n'kulemba malo, tsiku ndi nthawi. Ena amagwira ntchito awiriawiri: wina amakuwerengani polowa, wina potuluka, kenako kompyuta imaona ngati mwafika msanga kuposa mmene liwiro lololedwa likanakufikitsirani. Kuti agwire mmodzi, ayenera kuwerenga onse. Kuonedwa kamodzi pamsewu si nkhani. Koma zolembazo zikaunjikana kwa miyezi, zimaulula kumene munthu amagona, chipatala chimene amapitako Lachiwiri lililonse, kumene amapemphera, ngakhalenso msonkhano wa ndale umene anakakhalapo. Ku Britain apolisi amasunga zoterezi kwa chaka chathunthu, kaya mwini galimoto walakwa kaya ayi.

Anthu amakonda kunena kuti wosalakwa alibe choopa. Ine mawu amenewa sindiwamvera. Mu 2020 zinadziwika kuti makina owerenga manambala a mzinda wa Sheffield ku Britain anasiyidwa osatseka pa intaneti, moti maulendo oposa 8 miliyoni a magalimoto akanatha kuonedwa ndi aliyense popanda pasiwedi. Taganizirani mayi amene anathawa mwamuna wankhanza. Iyeyo sanaphwanye lamulo lililonse, komatu ali ndi chifukwa chomveka chobisira njira zake.

A ku Germany ndi amene aikankha nkhaniyi mpaka kumakhoti. Mu 2008 khoti lawo loona za malamulo aakulu a dziko linakana malamulo a zigawo za Hesse ndi Schleswig-Holstein olola apolisi kuwerenga manambala mwachisawawa. Mu 2019 khoti lina ku Hanover linaimitsa makamera oyeza liwiro, ogwira ntchito awiriawiri aja, pamsewu wa B6 chifukwa panalibe lamulo lowaloleza, ndipo anayatsidwanso lamulolo litakonzedwa. Makhotiwo sanati makamera ndi oipa. Anati pakhale lamulo lomveka, ndipo za anthu osalakwa zisamasungidwe popanda chifukwa.

Kumbali ya ngozi, umboni ukuima ndi makamera a liwiro: pamene aikidwa, madalaivala amachepetsa moto ndipo ovulala amachepa. Pa makamera a pamaloboti umboni ndi wosakanikirana, chifukwa amachepetsa kugundana cham'mbali, komwe kumapha, koma amawonjezera kuombana kumbuyo anthu akamaponda mabuleki mwadzidzidzi.

Chimene chimaipitsa mbiri yawo kwenikweni ndi ndalama. Ku Chicago, ku America, mkulu wina wa mzinda analamulidwa mu 2016 kukhala kundende zaka 10 chifukwa cholandira ziphuphu kuti kampani ya Redflex ipatsidwe ntchito ya makamera a pamaloboti. Chigawo cha Texas, komweko ku America, chinaletsa makamera amenewa mu 2019. Kampani ikamapeza phindu pa chindapusa chilichonse, musayembekezere kuti ingasangalale anthu atasiya kulakwa.

Tsono chindapusacho, ngati munathamangadi, lipirani. Koma lemberani amene akutumizirani kalatayo muwafunse ngati kamerayo imajambula olakwa okha kapena onse, kuti zithunzi zimasungidwa kwa nthawi yaitali bwanji, ndi kuti ndani winanso amaloledwa kuziona. Afunseninso ngati makinawo ndi a boma kapena a kampani, ndi tsiku limene anayesedwa komaliza kuti akuwerenga liwiro molondola. M'mayiko a European Union, lamulo loteteza zinsinsi za anthu lotchedwa GDPR, lomwe linayamba kugwira ntchito mu 2018, ndi linzake lokhudza apolisi amapatsa munthu ufulu wofunsa zimene zasungidwa zokhudza iye, ndipo mayiko ambiri tsopano ali ndi malamulo ofanana nawo. Pemphani kuti akuyankheni polemba.