Kuphunzitsa Expressive Arts pasukulu yopanda penti ndi ng'oma

Mphunzitsi wina wa Sitandade 5 watilembera pa imelo. Ana m'kalasi mwake ndi ambiri, koma sukulu ilibe penti, ng'oma ngakhale mapepala ojambulapo. Akufunsa kuti ayambire pati pophunzitsa Expressive Arts, phunziro la zaluso monga kuimba ndi kujambula.

Aphunzitsi, yambirani pa nyimbo. Mwana aliyense akapemphe kwa agogo kapena azakhali ake nyimbo imodzi ya pamtondo, yotonthozera mwana kapena ya m'nthano, afunsenso kuti inkaimbidwa liti. Musankhepo zokhala ndi wotsogolera ndi ovomera, chifukwa kalasi yonse imalowamo mosavuta. Za kudambwe ndi za chinamwali zisiyeni, zili ndi eni ake.

Zoimbira apange okha. Pa maseche, tengani zitsekerero zachitsulo za mabotolo 12, muziphwanthe ndi hamala, muziboole pakati ndi msomali, muzitunge pa waya wopindidwa ngati mkombero. Kapulasitiki ka m'kati kachotseni, kamagonthetsa kulira kwake, ndipo musazithinanitse pa wayapo. Nkhwendo, choimbira chimene chimalira pochikhwekhweza ndi kamtengo, imafuna nsungwi youma ya masentimita 40, yosemedwa mizere yotalikirana ngati chala. Yaiwisi siimveka bwino. Mpeni ndi hamala agwire wamkulu.

Kenako ana ajambule zimene nyimboyo ikunena. Katondo amapereka mtundu wofiira, makala wakuda, dothi loyera kapena phulusa woyera. Ziumitseni, sinjani, sefani ndi kansalu kuti mchenga utsale. Apa m'pamene ambiri amalakwitsa: amangothira madzi, chithunzi chikauma n'kuyoyoka chonse. Pamafunika chomatira. Phikani supuni imodzi ya ufa wa kondoole m'kapu imodzi ya madzi, kaphalako kakazirala musakanize ndi dothi losefalo. Kakalimba kwambiri utoto umang'ambika pouma, ndipo kogona kamasasa, choncho phikani ka tsiku lomwelo. Burashi ndi kamtengo kosinja kunsonga. Jambulani pa makatoni, muumitse pamthunzi chifukwa padzuwa amapindika.

Ana asaone ngati utoto wa dothi ndi waumphawi. Auzeni za Chongoni ku Dedza, kumene kuli malo 127 a zojambula pamiyala, amene UNESCO, bungwe la United Nations loona za maphunziro ndi chikhalidwe, inawaika pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse lapansi mu 2006. Zofiira zinajambulidwa ndi Akafula, zoyera zambiri ndi alimi a Chichewa. Ngati sukulu ili pafupi, pitani nawo akaone okha, koma asakhudze kapena kulembapo.