Achimwene a ku Lizulu, besiyo musasinthitse, koma ituluke pansi pa bedi

Achimwene, funso lanu ndaliwerenga kawiri. Mwati muli ndi gitala ya besi ya Squier Jazz Bass ya 40th Anniversary, ija ya zitsulo zooneka ngati golide, imene alamu anu anakubweretserani kuchokera ku Joni. Mumaikonda, koma mumaopa kutuluka nayo, moti imagona m'chikwama pansi pa bedi inu n'kumaimbira ya mpingo. Ndiye kwabwera munthu wa ku Lilongwe akufuna musinthane, akupatseni ya nsambo zisanu ndi kandalama pamwamba. Ena m'gulu muno akuti landirani msanga, ena akuti isungeni osaigwira kuti idzakwere mtengo poti ndi ya limited. Ine onsewo sindikugwirizana nawo.

Tiyambe ndi mawu akuti limited, chifukwa ndi amene akusokoneza anthu. Kampani ya Fender inayamba kugulitsa magitala a dzina la Squier mu 1982, kuti amene sakwanitsa mtengo wa Fender yeniyeni apeze yofanana nayo. Mu 2022 zinakwana zaka 40, ndiye anatulutsa mtundu wanuwo pokumbukira. Anaipanga ku Indonesia, ndipo mukaitembenuza muona kuti pa kachitsulo kogwiriziza khosi ku thupi adalembapo za chikondwererocho. Ulimited wake ndi woti chikondwerero chitatha analeka kupanga. Sikuti anapanga khumi zokha ayi, zinali m'masitolo a maiko ambiri. Tsono kuisunga pansi pa bedi kuti tsiku lina idzakugulireni galimoto ndi maloto. Kuno kwathu wogula amaona dzina la pamutu, akawerenga Squier basi wayamba kutsitsa mtengo, za 40th Anniversary sizimukhudza.

Koma chimenechi si chifukwa choti muitaye. Gitala imeneyi ndi yabwino kuposa dzina lake, ndipo munthu wa ku Lilongweyo akudziwa, nchifukwa chake akuwonjezera ndalama. Mwamufunsa kuti ya nsambo zisanuyo ndi ya kampani iti? Pa chithunzi chimene mwatumiza ine ndikuona kuwala kokha, dzina silikuoneka. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Zambiri zotchipa za nsambo zisanu zimakhala za batire ya mavoti 9, batire ikatha pakati pa nyimbo mawu amayamba kusasa kenako zii. Nsambo yachisanuyo, ya B, nayonso pa gitala yotchipa imakhala yolobodoka, imangouluma osamveka kuti ukuimba noti iti. Yanuyo ilibe batire, mukalumikiza kebulo basi yalira.

Ndalama ya pamwambayo musaiwerengere kwambiri. Tonse tikukumbuka kuti kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu May 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu November 2023. Zida zoimbira zonse zimachokera kunja. Ndalama mulandire lero, ithera feteleza ndi ngongole ya pagolosale, tsiku lodzafuna kugula ina yofanana nayo mudzangoyang'ana chithunzi pa foni.

Ndikunena izi chifukwa zinandichitikira. Ndinali ndi Yamaha BB ya nsambo zinayi, yakale, penti itakalika pamene mkono umatsamira. Ndinaimba nayo zaka zambiri m'maukwati ndi m'zinkhoswe kuyambira kuno ku Bembeke mpaka Linthipe. Chaka china fizi ya mwana itandipanikiza ndinaigulitsa, ndikudziuza kuti ndikakolola mbatata ndigula ina. Ina ndinaguladi, yokongola kuposa ija, koma mwezi wathunthu chala changa chinkaphonya. Pa Yamaha ija panali kachipsera kuseri kwa khosi, cha pa fret yachisanu (ma fret ndi tizitsulo topingasa pa khosi tija), pamene inagundidwa ndi chitseko cha minibasi. Chala chachikulu chinkapeza malo ndi kachipserako ngakhale magetsi atazima mu holo. Sindinkadziwa kuti ndimadalira kachipsera mpaka tsiku limene kanasowa. Kugulitsako sindidziimba nako mlandu, mwana anaphunzira. Koma inu simunanene kuti pakhomo pali vuto lotero. Mwangoti mukusirira nsambo yachisanu.

Za nsambo yachisanuyo, ndikudziwa pamene pakukuvutani. Wa kiyibodi akayamba kolasi mu E flat kapena mu D, inu noti yanu yotsikitsitsa ndi E, ndiye mumakakamizika kukwera pamwamba, nyimbo n'kumveka ngati yopanda miyendo. Yesani izi kaye: tsitsani nsambo ya E ifike pa D. Pamenepo D mwaipeza osagwira paliponse, E flat ili pa fret yoyamba. Zala zimasokonezeka masiku awiri atatu, kenako zimazolowera. Ena amachotsa nsambo zonse n'kuika B, E, A, D, koma zimenezo zimafuna kukulitsa timipata ta pa nut, kachidutswa ka kumutu kwa khosi kamene nsambo zimadutsapo, ndipo mukapala simungabwezeretse. Pa gitala imeneyi musayerekeze. Ngati mtima ukufunabe zisanu, sungani pang'onopang'ono mudzagule ngati yachiwiri.

Khosi la Jazz Bass ndi lowonda kumutu kwake, pafupifupi mamilimita 38, ndipo lakhala lotero kuchokera pamene Fender anaitulutsa mu 1960. Ngati dzanja lanu lazolowera limeneli, khosi la nsambo zisanu mudzalimva ngati mpini wa khasu.

Tsopano nkhani ya pansi pa bedi, imene kwa ine ndi yaikulu kuposa ya kusinthanayo. Mukuganiza kuti mukuiteteza, koma malo amenewo ndi oipa kwambiri m'nyumba za kwathu kuno. Simenti imatulutsa chinyontho nthawi ya dzinja, chikwama chimayamwa, ndipo poti simutsegula, simuona. Mudzatsegula mu April n'kupeza chuku pa khosi, nsambo zachita dzimbiri, timasikuluwu ta pickup (kachida kotola mawu a nsambo) tafiira. Lizulu ndi kuno nyengo yake ndi imodzi: mvula kuyambira November, nkhungu ya June ndi July yolowa mpaka m'chipinda, kenako October wouma gwa. Thabwa limafufuma ndi chinyezi n'kunyala kukauma, ndipo khosi limatsatira. Gitala yoimbidwa tsiku ndi tsiku mwini wake amamva msanga kuti nsambo zakwera kapena zayamba kukhudza ma fret. Yogona m'chikwama imapindika mwakachetechete.

Ichotseni, muiike pamalo okwera, kutali ndi khoma lakunja ndi zenera. M'chikwamamo ponyanimo timapaketi tija timabwera m'mabokosi a nsapato, toyamwa chinyezi. Ndipo chonde, usiku wozizira musaiyandikize ku mbaula. Ndinaonapo mnyamata wina atatsamiritsa gitala pafupi ndi moto pa maliro kuti zala zisamazizire poimba, m'mawa khosi linali ngati uta.

Kuyeza khosi n'kosavuta. Dinani nsambo ya E pa fret yoyamba ndi dzanja lamanzere, ndi lamanja dinani pa fret yomaliza, muyang'ane pakati, cha pa fret ya 7 kapena 8. Pakhale kampata koti kadi ya mayunitsi n'kulowa mothina. Kampata kakakula, truss rod, ndodo yachitsulo ya m'kati mwa khosi, ikufuna kumangidwa pang'ono. Nsambo ikagona pa fret, masulani truss rod. Pang'ono ndikutanthauza kota ya kuzungulira, kenako muisiye igone mpaka mawa. Ikalimba musakakamize, ndipo Allen key ikhale yokwana bwino, osati yobwereka kwa wokonza njinga za kabaza imene ikugwedera. Mutu wa truss rod ukaphwanyika, vuto lake ndi lalikulu kuposa limene mumafuna kukonza.

Golide uja adzasuluka. Ndi wongopaka pamwamba, ndipo thukuta la m'manja limamudya, makamaka pa bridge, chitsulo chogwira nsambo kumunsi, pamene dzanja limakhala. Muzipukuta ndi kansalu kouma mukatha kuimba, nsambo zomwe, pansi ndi pamwamba. Polishi wa zitsulo musaikepo, amachotsa golideyo msanga. Koma akayamba kuyera musadandaule, mawu sachokera mu golide.

Nsambo zikafa, ndipo zatsopano kupeza kwake mpaka Lilongwe kapena Blantyre, akale ankaziwiritsa m'madzi. Zimadzukadi kwa sabata imodzi kapena ziwiri, koma zimachita dzimbiri mukapanda kuumitsa bwino. Ine ndimaziviika mu spiriti usiku umodzi. Kawiri basi, kachitatu zimadukira pa makiyi.

Mukayamba kutuluka nayo, mumva kulira kwa "zzz" m'malo ena, makamaka pa jenereta. Musathamangire kuti yawonongeka. Ma pickup awiri a Jazz Bass amathetsana phokoso mukatsegula mavoliyumu onse mofanana. Mukatsitsa imodzi, phokoso limabwera, ndi mmene anaipangira. Choopsa ndi china: ngati nsambo zikukuluma zala, kapena mukumva kunyerenyetsa mlomo ukakhudza maikolofoni, zimitsani. Ndiye kuti amplifaya ilibe earth, mwina wina anadula phini lachitatu la pulagi kapena anangolowetsa mawaya mu soketi ndi timitengo ta machesi, monga timachitira m'maukwati akumudzi. Magetsi a mavoti 230 sasewera nawo.

Paulendo, gitala ikhale pamiyendo panu kapena pakati pa mawondo. Kondakitala akati tiike kumbuyo, kanani, kumbuyoko pa Lizulu mukudziwa zimene zimakwera: matumba a kachewere, kabichi, madengu a tomato. Kuli bwino kulipira mpando wachiwiri. Ndipo ngati mwaitanidwa kumunsi, ku Golomoti kapena Mtakataka, mukatsika Khwekhwerere mwachoka kozizira kulowa kotentha m'kanthawi kochepa. Mukafika musatsegule chikwama nthawi yomweyo, chisiyeni pamthunzi theka la ola, kenako chunani. Muchunenso nyimbo ziwiri zikadutsa.

Kubwereketsa ndiye ayi. Apa khalani ouma mtima ngakhale akunenereni kuti ndinu odzikonda. Wobwereka sakhala ndi cholinga choipa, koma iye akapita kukadya, gitala imatsala m'manja mwa ana a kwaya. Besi ya mpingo ilipo, obwereka atenge imeneyo. Ngati pali mnyamata amene mukumuphunzitsa, aziimba yanuyo inu muli pompo, aone mmene mumaipukutira.

Jambulaninso nambala ya kuseri kwa mutu wa gitala ndi kachitsulo kolembedwa kaja, musunge zithunzizo pena pake kupatula pa foni. Ikadzabedwa, besi ya zitsulo zagolide sibisika m'maboma a Dedza ndi Ntcheu, oimba timadziwana.

Wa ku Lilongweyo muyankheni mwaulemu kuti mwaganiza zoisunga. Alamu anu sanainyamule ulendo wonse wa basi kudutsa Tete kuti izidzagona ndi nsapato. Lamulungu likubwerali pitani nayo kutchalitchi, nsambo ya E mutatsitsa pa D, mudzatiuze kuti wa kiyibodi anatembenuka kapena ayi. Khosi likakukayikitsani, tsiku la msika ndimapezeka pa Lizulu, Allen key ndimayenda nayo m'thumba.